Lady Antebellum ndi doko lovuta lochokera ku country kupita ku pop

Pa 13 February 2011, mumzinda wa Los Angeles, mphoto ya Grammy ya nyimbo yophikidwa bwino koposa m'chaka inkalimbiranidwa ndi akatakwe okhaokha: Eminem ndi Rihanna, Jay-Z ndi Alicia Keys, CeeLo Green, komanso B.o.B ndi Bruno Mars. Palibe mmodzi mwa iwo anaigwira. Inapita kwa achinyamata atatu oyimba chamba cha country a ku Nashville, likulu la chamba chimenechi, gulu lomwe nthawi imeneyo linkatchedwa Lady Antebellum, lero likungoti Lady A. Usiku umenewo ananyamula mphoto zisanu, zinayi mwa izo chifukwa cha nyimbo imodzi yokha, "Need You Now".

Mmalawi amene anakula akumva Don Williams, Kenny Rogers ndi Dolly Parton pa wayilesi yomweyo imene inkaikanso reggae, rumba ndi nyimbo za kwathu kuno sangaone chachilendo pamenepa. Kwa ife nyimbo ikakoma yakoma basi, imveka m'minibasi, m'bala, ngakhale pa ukwati. Ku America zinthu sizili choncho. Kumeneko pakati pa country ndi pop pali mtsinje, ndipo doko lake lili ndi eni ake. Oyimba paokha angapo anawoloka n'kukhazikika tsidya linalo. Magulu ambiri amangopondako ndi nyimbo imodzi n'kubwerera, ndipo ena amene anafuna kusamukiratu anataya mbali zonse ziwiri.

Wayilesi ndiyo imagamula

Mawayilesi ambiri a ku America ndi a malonda, ndipo iliyonse imasankha chamba chimodzi n'kukakamira pomwepo usana ndi usiku. Alipo a country, oposa 2,000, ochuluka kuposa a chamba china chilichonse cha nyimbo. Alipo a Top 40, oika nyimbo za pop zimene zikutentha sabata imeneyo, omvera ake ambiri achinyamata. Kenako pali apakatikati otchedwa Adult Contemporary, oika nyimbo zofewa zimene akuluakulu amamvera ali mu ofesi, m'sitolo kapena pa chiwongolero. Kugawana kumeneku kumabwera chifukwa wayilesi imagulitsa makutu a omvera ake kwa otsatsa malonda. Wogulitsa mapikapu amafuna kudziwa kuti akulankhula ndi ndani, wogulitsa zodzoladzola chimodzimodzi. Nyimbo imene ingachititse womvera kusintha siteshoni imamuluzitsa mwini wayilesi, ngakhale itakoma bwanji.

N'chifukwa chake wowulutsa mawu sasankha nyimbo za kumtima kwake. Pali bwana woyang'anira mapulogalamu amene amakonza m'ndandanda waufupi wa nyimbo zoti zizibwerezedwa, ndipo m'makampani akuluakulu monga iHeartMedia ndi Cumulus, omwe ali ndi masiteshoni mazanamazana, anthu ochepa amatha kutsegulira kapena kutsekera nyimbo m'mizinda yambiri nthawi imodzi. Magazini ya Billboard imawerenga kuti nyimbo yamveka kangati pa masiteshoni a country osankhidwa, osafika 200, ndipo tchati ya mawayilesi a chamba chimenechi imachokera pamenepo. Tchati yaikulu ya dziko lonse, yosayang'ana chamba, ndi Hot 100. Anthu a zoyimbayimba akamati nyimbo yawoloka, amatanthauza kuti yayamba kumveka pa mawayilesi a pop ndipo yakwera pa Hot 100 kufika pamene omvera a country okha sakanaifikitsa.

Palinso nkhani ya antchito. Kampani iliyonse yojambula nyimbo ili ndi anthu amene ntchito yawo ndi kuyimbira foni mabwana a mawayilesi, kuwayendera, kuwagulira chakudya, kuwanyengerera kuti aike nyimbo. A ku Nashville amadziwana ndi a mawayilesi a country. Kuti nyimbo ifike ku Top 40 pamafunika nthambi ya ku Los Angeles kapena New York ivomere kuigwirira ntchito ndi kutayapo ndalama, pamene nthambi imeneyo ili kale ndi oyimba ake a pop amene akudikira mpata womwewo. Nyimbo zambiri zokoma za country zimathera pa desiki imeneyi, omvera a pop asanapatsidwe n'komwe mwayi wozikana.

Mkangano wakale

Nashville sinayambe dzulo kulakalaka msika wa pop. M'zaka za m'ma 1950, Elvis Presley ndi rock and roll atalanda achinyamata, malonda a country anagwa. Akatswiri awiri a m'situdiyo, Chet Atkins wa kampani ya RCA ndi Owen Bradley wa kampani ya Decca, anapeza njira. Anachotsa vayolini ya kumidzi ija yolira mothamanga, anachepetsanso gitala ya steel, yomwe woyimba amaigoneka n'kumayendetsa kachitsulo pa nsambo zake mpaka izilira mokoka ngati munthu wodandaula. M'malo mwake anaika piyano, mavayolini ambiri oyenda limodzi mofatsa, ndi kakwaya kovomera kumbuyo. Jim Reeves, amene makolo athu ankamukonda zedi, anatulukira pa njira imeneyi: "He'll Have to Go" inakhala masabata 14 pa nambala 1 ya country ndipo inafika pa nambala 2 ya pop mu 1960. Chaka cham'mbuyo mwake gulu la The Browns, mnyamata ndi alongo ake awiri, linafika pa nambala 1 ya Hot 100 ndi "The Three Bells", yophikidwa ndi Atkins yemweyo. Ndiye zina zimene ife timazitcha country yeniyeni ya kale, kwawoko okonda chikale ankaziona ngati country yosukuluka.

Ndipo ankakwiya. Mu 1974 bungwe la Country Music Association, CMA mwachidule, litapereka mphoto ya woyimba wamkazi wopambana kwa Olivia Newton-John, wobadwira ku England n'kukulira ku Australia, oyimba akale anasonkhana kunyumba kwa George Jones ndi Tammy Wynette n'kuyambitsa bungwe lawo lotsutsa. Chaka chotsatira Charlie Rich, atatsegula envelopu pa nsanja n'kupeza kuti mphoto yaikulu yapita kwa John Denver, amene okonda chikale ankamuona ngati wa pop, anatulutsa laitala n'kuyatsa kapepalako makamera akuona. Mpaka lero anthu amatsutsana ngati chinali chipongwe kapena bamboyo anali atangolawa.

Kenny Rogers ndi Dolly Parton anafika pa nambala 1 ya Hot 100 mu 1983 ndi "Islands in the Stream", nyimbo yolembedwa ndi abale a gulu la Bee Gees. Kuchokera apo panadutsa zaka pafupifupi 17 nyimbo ya country isanakhalenso pa mpando umenewo, ndipo amene anaswa chilalacho linali gulu: Lonestar, ndi "Amazed", mu March 2000. Njira yawo inali yoonekeratu. Nyimbo itakhala masabata 8 pamwamba pa tchati ya country mu 1999, anaibweza m'situdiyo n'kuisakanizanso, zolira za country n'kuzibisa, ng'oma ndi makibodi n'kuzikweza, kenako n'kuitumiza ku mawayilesi a pop. Shania Twain sanabise n'komwe: chimbale chake cha Up! cha mu 2002 chinatuluka m'mitundu itatu, chobiriwira cha country, chofiira cha pop, ndi cha buluu cha msika wakunja, nyimbo zomwezomwezo koma zoyimbira zosiyana.

Anthu atatu ndi nyimbo imodzi

Lady Antebellum inayamba mu 2006. Charles Kelley ndi Dave Haywood anadziwana ali anyamata ku Augusta, m'chigawo cha Georgia, ndipo onse anaphunzira pa University of Georgia. Mchimwene wake wa Kelley, Josh Kelley, anali kale woyimba pop. Hillary Scott yekha ndiye anakulira m'kati mwa Nashville: mayi ake ndi Linda Davis, amene anapata Grammy chifukwa cha nyimbo yomwe anayimba ndi Reba McEntire mu 1993. Scott anayesapo kawiri mpikisano wa pa kanema wa American Idol osapitirira ndime yoyamba. Iye anamuzindikira Kelley pamalo ena azisangalalo ku Nashville chifukwa anali atamvapo nyimbo zake pa tsamba la mchezo la MySpace, ndipo atatuwo anayamba ndi kulemba nyimbo limodzi asanaganize zokhala gulu. Kampani ya Capitol Nashville inawasayinitsa mu 2007, chimbale choyamba chinatuluka mu 2008, ndipo "I Run to You" inawapatsa nambala 1 yawo yoyamba ya country mu 2009.

Ku Nashville nyimbo imalembedwa ngati ntchito ya mu ofesi. Kudera la Music Row, kumene nyumba zakale zogona anthu zinasanduka maofesi ndi masitudiyo, olemba nyimbo amapangana tsiku ndi ola, amakumana cham'mawa dzuwa litakwera, wina ndi gitala, wina ndi kabuku ka mitu ya nyimbo, ndipo pofika masana amayembekezeka kutuluka ndi kanthu. "Need You Now" inabadwa pa mkumano wotere, atatuwo atakhala pansi ndi Josh Kear. Kear anali atalawa kale msika wa tsidya linalo, pakuti ndi mmodzi mwa awiri amene analemba "Before He Cheats" ya Carrie Underwood, yomwe inalowa m'nyimbo khumi zapamwamba pa Hot 100. Wophika "Need You Now" m'situdiyo anali Paul Worley, amene anaphika nawo zimbale zimene zinatchukitsa gulu la akazi la Dixie Chicks kumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Mukaimvetsera bwino nyimboyi muona chifukwa chake inawoloka mosavuta. Imayamba ndi piyano, kamutu kafupi kobwerezabwereza kamene munthu amakagwira ulendo woyamba. Ng'oma zikuyenda pakatikati, osathamanga osakwawa. Gitala yolira mokoka ilimo koma ili patali, ikungokometsera. Banjo ndi vayolini ya kumidzi sizitsogola paliponse. Matchulidwe a Scott ndi Kelley si okhuthala ngati a oyimba ambiri a kum'mwera kwa America, amene womvera wa ku New York amangomva mawu awiri n'kudziwa kuti iyi ndi country. Kamvekedwe konse kali pafupi ndi rock yofewa ya zaka za m'ma 1970, ya magulu monga Fleetwood Mac, imene mawayilesi a akuluakulu aja sanasiye kuika.

Nkhani yake nayonso ilibe mudzi. Nyimbo zambiri za country za nthawi imeneyo zinkatama mapikapu, misewu ya fumbi, matauni ang'onoang'ono, mbendera ndi tchalitchi, zinthu zouza womvera kuti ndife ife, inu ndinu ena. Iyi ikungokamba za anthu awiri amene chibwenzi chinatha. Ndi usiku, 1 koloko yadutsa, zithunzi zakale zili mbwee pansi, munthu walawako, analumbira kuti sayimbanso foni koma dzanja likupita lokha. Mkazi akuyimba ndime yake, mwamuna yake, kenako akumana pa kolasi, aliyense ali kwayekha. Zimenezi zimachitika ku Tokyo, ku Lagos, ku Ndirande. Komatu sikuti ya country yathawamo. Mowa, kusungulumwa ndi kudziimba mlandu ndiyo mitu yakale kwambiri ya chamba chimenechi, ya m'mabala a masiku a Hank Williams, katswiri wakale wa country, ndipo kalembedwe kotchula ola ndi zinthu zogwirika ndi ka Nashville. Kwa ine apa ndiye pagona luso lonse: womvera wa country sanaone kuti alandidwa kanthu, wa pop sanaone kuti akumugulitsa za eni.

Kayendedwe kake kanalinso ndi dongosolo. Nyimbo inapita ku mawayilesi a country mu August 2009, ndipo kumapeto kwa chakacho inakhala masabata 5 pa nambala 1. Mu November gululi linatenga mphoto ya CMA ya gulu lopambana, kulanda Rascal Flatts amene anaigwira zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana. Chimbale chawo chachiwiri, chotchedwanso Need You Now, chinatuluka pa 26 January 2010 n'kugulidwa makope 481,000 sabata yoyamba. Patangopita masiku asanu anayimba nyimboyi pa mwambo wa Grammy, anthu mamiliyoni amene samvera wayilesi ya country akuonera. Nthawi imeneyo Hot 100 inali itayamba kale kuwerengera nyimbo zogulidwa pa intaneti, makamaka pa iTunes, choncho munthu akaikonda pa kanema usiku, kugula kwake kunkaoneka pa tchati sabata yotsatira. Mabwana a mawayilesi a pop sakonda kuyesa zinthu, amakonda manambala, ndipo manambala anali patebulo. Taylor Swift analinso atangowafewetsa mitima ndi "Love Story" ndi "You Belong with Me". Mu March 2010 "Need You Now" inafika pa nambala 2 ya Hot 100, inalamulira tchati ya Adult Contemporary, ndipo pa kuwerengera kwa chaka chonse inangopitiriridwa ndi "Tik Tok" ya Kesha. Chimbale chinagulidwa makope oposa 3 miliyoni ku America chaka chimenecho, kuposedwa ndi cha Eminem chokha.

Dziwani kuti mawayilesi a country ndiwo anayamba kudya. Pofika pamene a pop ankaitenga, a country anali atathana nayo kale ndipo ankaiona ngati mwana wawo amene wachita bwino kunja. Nyimbo yotsatira imene Capitol inawatumizira, "American Honey", inali yokumbukira ubwana wa kumidzi, yomveka country mosakayikitsa, ndipo nayo inafika pa nambala 1 ya chamba chawo. Umenewo unali uthenga woti sitinapite kulikonse.

Ndalama zili pati

Kuwoloka kumalipira, koma si onse amene amalandira mofanana. Ku America mawayilesi a FM ndi AM amalipira olemba nyimbo ndi makampani osunga umwini wake, kudzera m'mabungwe monga ASCAP, BMI ndi SESAC, ogwira ntchito yonga ya COSOMA kwathu kuno. Woyimba amene mawu ake akumveka salandira kanthu kuchokera ku mawayilesi amenewa ngati sanalembe nawo nyimboyo. Poti Scott, Kelley ndi Haywood analemba nawo "Need You Now", kumveka kulikonse pa siteshoni ya pop kunkagwetsa kenakake m'thumba mwawo. Magulu amene amangoyimba zolembedwa ndi ena amapindula ndi kutchuka kokha, ndalama ya pa wayilesi n'kupita kwa munthu wa pa Music Row amene nkhope yake palibe akuidziwa.

Ndalama yeniyeni ya gulu ili pa matikiti, ndipo apa mpamene country imaposa pop. Wokonda pop amakonda nyimbo, chaka chamawa ali pa ina. Wokonda country amakonda munthu, ndipo amakalamba naye. Chiyanjano chimenechi chimasamalidwa mwadala. Woyimba watsopano amayenda siteshoni ndi siteshoni miyezi ingapo, kuyimbira mabwana ndi antchito m'zipinda za misonkhano ndi gitala yokha. Mwezi wa June uliwonse ku Nashville kumachitika chikondwerero cha CMA Fest, chomwe chinayamba mu 1972 ndi dzina loti Fan Fair, kumene oyimba otchuka amakhala pansi kusayinira ndi kujambulitsa ndi owatsatira. Mu 1996 Garth Brooks anasayina kwa maola 23 osapuma. The Oak Ridge Boys anafika pa nambala 5 ya pop mu 1981 ndi "Elvira", mawayilesi a pop anawaiwala posakhalitsa, koma anapitiriza kudzaza maholo ndi mabwalo a ziwonetsero za ulimi kwa zaka zina makumi anayi. Woyang'anira gulu aliyense wanzeru amawerengera zimenezi asanalole oyimba ake kuthamangira Top 40.

Amene anafuna kukhazikika

The Band Perry, Kimberly Perry ndi alongo ake awiri Reid ndi Neil, anayamba ngati Lady Antebellum ndendende. "If I Die Young" ya mu 2010 inafika pa nambala 1 ya country, inawoloka kufika pa nambala 14 ya Hot 100, ndipo inakwera pamwamba pa Adult Contemporary. Chimbale chachiwiri chinayendanso bwino. Kenako anaganiza zosamuka. Mu 2015 anatulutsa "Live Forever", yophikidwa ndi RedOne, katswiri wodziwika ndi nyimbo za Lady Gaga. Mawayilesi a country anailandira mozizira. Mu 2016 anasiyana ndi kampani yawo ya Big Machine n'kusayina ndi Interscope, mu 2017 analengeza chimbale cha pop chomwe sichinatuluke, ndipo pofika 2018 ankatulutsa okha nyimbo za makina a kompyuta. Mapanga awiri avumbwitsa: a country anati mwatithawa, a pop anali ndi oyimba awo ochita zomwezo bwino kuposa iwo. Mu 2023 gululi linalengeza kupuma, ndipo Kimberly anabwerera ku country payekha.

Dixie Chicks, lero The Chicks, iwo sanasamuke mwakufuna. Kumayambiriro kwa 2003 anali pamwamba mbali zonse ziwiri, "Travelin' Soldier" ikulamulira country, "Landslide" ili m'khumi zapamwamba pa Hot 100. Pa 10 March chaka chimenecho, ali pa nsanja ku London nkhondo ya ku Iraq ili pafupi kuyamba, woyimba wotsogolera gululi Natalie Maines ananena kuti akuchita manyazi kuti Pulezidenti George W. Bush ndi wa kwawo ku Texas. M'masiku ochepa mawayilesi a country anachotsa nyimbo zawo, kampani ya Cumulus inaziletsa pa masiteshoni ake a country, ndipo ku Louisiana anthu anaunjika masidi awo n'kuwapondetsa thirakitala. Chimbale chawo cha mu 2006, Taking the Long Way, chophikidwa ndi Rick Rubin, chinayambira pa nambala 1 ndipo chinatenga ma Grammy asanu mu 2007, komabe mawayilesi a country sanawatsegulirenso. Banjo ndi vayolini zinali m'manja mwawo monga kale. Chimene chinasintha ndi choti eni doko anawakana, ndipo izi zikuonetsa kuti ku America country si kamvekedwe kokha, ndi umembala.

Wina anganene kuti nanga Taylor Swift, amene mu 2014 analengeza poyera kuti chimbale chake cha 1989 ndi cha pop n'kupambana kuposa kale? Iyeyo ndi munthu mmodzi. Pop imagulitsa nkhope, dzina ndi nkhani ya moyo wa munthu, zomwe magazini ndi masamba a mchezo angazitsatire tsiku ndi tsiku. Gulu la country limagulitsa mawu atatu olukana bwino, chinthu chimene omvera a chamba chimenechi anachizolowera kutchalitchi ndi m'mabanja oyimba, koma pa Top 40 chilibe msika wokhalitsa. Onjezerani kuti pagulu maganizo ndi atatu, ndalama zigawidwa patatu, ndipo aliyense ali ndi banja lake ndi maloto ake. Lady Antebellum itapuma pang'ono mu 2016, Kelley anatulutsa chimbale chake, Scott anajambula chauzimu ndi makolo ake ndi mng'ono wake, chomwe chinamupatsa ma Grammy awiri.

Atatuwa sanabwerezenso zimene zinachitika mu 2010. "Just a Kiss" inayambira pa nambala 7 ya Hot 100 mu 2011, ndipo kuchokera apo sanalowenso m'khumi zapamwamba. Zimbale zina zotsatira, kunena mosapsatira, zinafewa mopitirira, ngati anthu osaka nyimbo yosakhumudwitsa aliyense, ndipo nyimbo yotere nthawi zambiri siigwiranso aliyense mtima. Anayesako zina, monga kuyimba ndi Audien wa nyimbo zovinira za makina mu 2015, koma phazi limodzi silinachoke ku Nashville. Anapitiriza kupeza manambala 1 a country mpaka kumayambiriro kwa 2021, ndipo mu January 2021 analandiridwa kukhala mamembala a Grand Ole Opry, pulogalamu ya pa wayilesi imene yakhala ikuwulutsidwa kuyambira 1925.

Malamulo atasintha

Mu October 2012 Billboard inasintha kawerengedwe ka tchati ya Hot Country Songs. M'malo moyang'ana mawayilesi a country okha, inayamba kuphatikiza malonda a pa intaneti, kumvera kwa pa intaneti, ndi kumveka kwa nyimbo pa mawayilesi a zamba zonse. Zotsatira zake, nyimbo yokondedwa ndi omvera a pop inayamba kutha kukhala pamwamba pa tchati ya country miyezi yambiri ngakhale masiteshoni a country atatopa nayo. Florida Georgia Line, anyamata awiri, ndiwo anadyerera. "Cruise" inakhala masabata 24 pa nambala 1, ndipo ataijambulanso ndi Nelly wa hip hop inafika pa nambala 4 ya Hot 100 mu 2013. "Meant to Be", yomwe anayimba ndi Bebe Rexha wa pop, inakhala masabata 50. Njira yatsopano inakhala imeneyi: osasamuka, osasukulutsa nyimbo yako, kungoitana mlendo wa tsidya linalo abwere ndi omvera ake. Dan + Shay anachita chimodzimodzi ndi Justin Bieber mu 2019 n'kufika pa nambala 4.

Ulendo wobwera ku country kuchokera kunja ndiwo unaulula zina zimene sizinkanenedwa. Mu March 2019 Billboard inachotsa "Old Town Road" ya Lil Nas X, mnyamata wakuda wa ku Atlanta, pa tchati ya country ponena kuti ilibe zokwanira za chamba chimenechi, pamene azungu oyimba mothira hip hop ankakwera tchati yomweyo popanda wowafunsa. Nyimboyo inakakhala masabata 19 pa nambala 1 ya Hot 100. Zonsezi zikuchitika pa chamba chimene banjo yake inachokera kwa Aafirika otengedwa ukapolo. Lady Antebellum nayo inakumana ndi mbiri imeneyi mu June 2020, bambo wakuda George Floyd ataphedwa ndi wapolisi, pamene inavomereza kuti dzina lake limakumbutsa nthawi ya ukapolo kum'mwera kwa America n'kulifupikitsa kukhala Lady A. Kenako zinadziwika kuti woyimba blues wakuda wa ku Seattle, Anita White, wakhala akugwiritsa ntchito dzina lomwelo zaka zoposa 20. Anasumirana kukhoti, milandu n'kudzathetsedwa mu 2022, ndipo gululi linatulukamo ndi mbiri yothimbirira.

Masiku ano Spotify, YouTube ndi TikTok zafooketsa mphamvu ya mabwana a Top 40, moti nyimbo ya country imatha kufika pamwamba pa Hot 100 osasinthidwa kalikonse. Morgan Wallen anakhala masabata 16 pa nambala 1 mu 2023. Mu 2024 Shaboozey, mwana wa makolo a ku Nigeria, anakhalapo masabata 19, Beyoncé anakhala mkazi wakuda woyamba kutsogola pa Hot Country Songs, ndipo Post Malone anapita yekha ku Nashville kukajambula chimbale cha country. Koma onsewa ndi oyimba paokha. Magulu atsalira. Old Dominion inatenga mphoto ya CMA ya gulu lopambana zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana, kuyambira 2018 mpaka 2024, imadzaza mabwalo m'dziko lonselo, koma nyimbo yawo yotchuka "One Man Band" inathera pa nambala 20 ya Hot 100.